Injini ya njinga yamoto ikafooka: maringi okha, rebore, kiti kapena injini ina?

Njinga yomwe chaka chatha inkakwera chitunda chochokera ku Thabwa kubwera ku Blantyre mosadandaula, lero ikupempha giya yoyamba pakona iliyonse. Kiki yafewa moti mutha kuitsitsa ndi dzanja. M'mawa imalira mutatuluka kale thukuta, kumbuyo ikusiya utsi, pulagi ikutuluka yakuda ndi yonyowa. Mwini wake amafika pa galaja atagamula kale mlandu: "Amwene, ingondiikirani maringi, ndilibe zambiri." Nthawi zina amakhala akulondola, koma palibe angadziwe silinda isanayezedwe. Muyeso umenewo ndiwo umasankha njira, ndipo njira yotchipa lero ikhoza kukulipiritsani kawiri mvula isanayambe.

Yambani ndi kudziwa gulu la njinga yanu. Pali za two-stroke zokhala ndi silinda ya chitsulo mkati: Yamaha DT125, DT175 ndi AG100, zomwe alangizi a zaulimi ndi a mabungwe akhala akuyendera kumidzi, kuphatikizapo TY175, njinga yakale ya trials yomwe injini yake ndi yapachibale ndi DT175, ziwirizi zili ndi bowo la silinda la 66 mm. Pali za four-stroke: AG200, Honda XL125, ndi za kabaza monga Boxer, TVS ndi zaku China zomwe injini zake zinatengera Honda CG125. Muwerenge pa injinipo, mupeza 156FMI kapena 157FMI pa ya 125, ndi 162FMJ pa ya 150. Gulu lachitatu ndi njinga za trials zamakono, GasGas TXT, Beta Evo, Sherco, Montesa Cota 4RT, zopanda mpando, zolemera pafupifupi makilogalamu 70, zopangidwira kukwera miyala pang'onopang'ono. Kuno n'zosowa, koma ikafika imodzi pa galaja imawonongeka mosavuta, chifukwa silinda yake ndi aluminiyamu yokutidwa ndi ganda la Nikasil la 0.1 mm kapena kucheperapo.

Musanamasule mutu wa injini

Tenthetsani injini, chotsani pulagi, mangani geji ya kompulesheni, tsegulani moto wonse ndipo ponyani kiki mpaka singano itasiya kukwera. Four-stroke yaing'ono yathanzi imapitirira 140 psi. Two-stroke ngati DT imasewera pakati pa 110 ndi 140. Ikatsika pansi pa 100, kulira kwa m'mawa kumayamba kuvuta. Kumbukirani kuti Blantyre ili pamtunda, mamita 1,000 kapena kuposerapo kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini yomwe buku lake likuti 150 psi kuno ionetsa pafupifupi 135 ili bwinobwino. Injini zina zili ndi decompressor yomwe imatsitsa dala kompulesheni poliza, ndiye geji ikhoza kukuopsezani chabe.

Kenako thirani supuni yaing'ono ya oyilo, 5 ml, pabowo la pulagi, muyezenso. Singano ikadumpha kwambiri, mpweya ukuthawira m'maringi. Ikangokhala pomwe inali, pa four-stroke yang'anani mavalavu kaye. Valavu yothina siitsekeka bwino injini ikatentha, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi za maringi akutha. Pa CG125 mpata wake ndi 0.08 mm injini ili yozizira, ndipo zambiri zaku China zimafuna pakati pa 0.05 ndi 0.08. Iyi ndi ntchito ya mphindi 20 ndi feeler geji, koma injini zambiri zaphwasulidwa pachabe chifukwa munthu sanaiyambe.

Mukatsegula, tsekani kamwa la crankcase, bokosi la pansi pa injini, ndi nsalu yoyera musanakhudze circlip, kawaya kotsekera pini ya pisitoni. Ikagweramo, ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya sabata. Kwezani conrod, mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft, pamwamba penipeni, igwireni ndi zala ziwiri, ikokeni ndi kuikankha molunjika. Kugwedera cha m'mbali pang'ono n'kwachibadwa. Kusewera kopita m'mwamba ndi pansi, ngakhale kochepa kongomveka "tiki", kukutanthauza kuti beringi ya big end, ya kumunsi kwa conrod, yatha, ndipo chilichonse chomwe mungaike pamwamba pake chidzanoka nayo limodzi.

Silinda iyezedwe malo 6: pamwamba, pakati ndi pansi, kutsogolo ndi kumbuyo komanso m'mbali. Chida chake ndi bore geji ndi micrometer. Magalaja ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani alibe zimenezi, koma pali njira ina yosafuna ndalama. Lowetsani ringi m'silinda, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale yowongoka, muyeze mpata wa pakati pa nsonga zake ndi feeler geji mamilimita 10 kuchokera pamwamba. Itsitseni pansi pomwe maringi safika, muyezenso. Kusiyana kwake mugawe ndi 3.14. Mpata ukakhala 0.55 pamwamba ndi 0.30 pansi, kusiyana ndi 0.25, ndiye silinda yadyeka 0.08 mm. Pa DT malire ndi 0.05, choncho imeneyo yadutsa. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda ukaposa 0.10 mm, yathanso. Pomaliza yendetsani chikhadabo modutsa mizere ya mkatimo. Chikakodwa, mzerewo ndi ngalande ya mpweya ndi oyilo.

Maringi okha

Njira imeneyi ndi yabwino pamene miyeso yonse ija ili mkati mwa malire, chikhadabo sichikukodwa, ndipo pisitoni ilibe mng'alu kapena zipsera m'chiuno. Zikatero palibe chifukwa chowonongera ndalama zambiri. Silinda yonyezimira ngati galasi iyenera kukhulidwa kaye kuti maringi atsopano agwire, ndi hone, chida cha miyala chokhulira mkati mwa silinda, kapena ndi dzanja, sandpepa ya 320 mpaka 400 yonyowetsa ndi oyilo, mizere ikhale yopingasana. Palani mwaye m'mipata ya pisitoni ndi chidutswa cha ringi yakale. Ringi yatsopano ikamasewera m'mpatamo kupitirira 0.10 mm, pisitoni nayo ipite, apo ayi ringiyo idzakhala ikupopera oyilo m'mwamba.

Ringi iliyonse yatsopano iyezedwe m'silinda isanavalidwe. Ikatentha imakula, ndiye imafuna mpata wa 0.004 mm pa milimita iliyonse ya bowo: osachepera 0.22 pa bowo la 56 mm, 0.26 pa la 66 mm. Zilembo zolembedwa pa ringi ziyang'ane kumwamba. Pa four-stroke mipata italikirane madigiri 120. Pa two-stroke mpata ukhale pa kamsomali ka m'pisitoni.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe tikupemphani mukane. Ena amagula maringi okulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm, n'kuwapala ndi fayilo kuti alowe m'silinda ya standard yodyeka. Tsiku loyamba kiki imalimba, mwini njinga n'kupita akumwetulira. Koma ringiyo inapindidwira bowo lalikulu, ndiye siigona mozungulira monse. Komanso pansi pa silinda, pomwe sipanadyeke, mpata umatsekeka injini ikatentha, ringi n'kuthyoka kapena kukanda khoma. Silinda yomwe ikanapola ndi 0.25 imadzafuna 0.75. Kampanda ka pamwamba pa silinda yodyeka nako kamathyola ringi yatsopano, chifukwa m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, simunadyeke ngati mwa yakale.

Rebore ndi pisitoni yokulirapo

Kwa DT, AG, XL ndi TY, rebore, kukulitsa bowo la silinda pa makina n'kuikamo pisitoni yokulirapo, ndiyo njira yomwe ife timaiika patsogolo. Silinda yoyambirira ya Yamaha kapena Honda ili ndi chitsulo chabwino, ndipo pa two-stroke mawindo ake, omwe amakaniko amati ma port, anaumbidwa molondola. Mapisitoni amabwera pa 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm, kutanthauza kuti silinda imodzi ikhoza kukonzedwa kanayi. Musalumphe sitepe. Sankhani saizi yaing'ono yomwe ichotse mizere yonse. Kupita pa 1.00 pofuna mphamvu n'kutaya mwayi utatu, chifukwa pa DT125 milimita imodzi imangowonjezera 4 cc ndi pang'ono.

Gulani pisitoni kaye, mupite nayo limodzi ndi silinda. Mmisiri amayeza pisitoniyo n'kudula bowo motsatira iyo, chifukwa mapisitoni awiri olembedwa 0.50 sakhala ofanana mpaka pa 0.01. Wokuuzani kuti musiye silinda yokha, pisitoni mudzagula pambuyo, ameneyo akulota muyeso. Muuzeni mpata womwe mukufuna: pa DT ndi pafupifupi 0.04 mm. Ukachepa, injini imagwira ikangotentha. Ukachuluka, pisitoni imagogoda kuyambira tsiku loyamba. Pozungulira malo a engineering ku Makata, Ginnery Corner kapena Limbe, funsani ngati makina awo amatsika mpaka bowo la 52 kapena 56 mm, poti ena anakonzedwera mabuloko a galimoto. Funsaninso ngati amamaliza ndi hone.

Pa two-stroke pali kantchito kena komwe kamaiwalika. Rebore imasiya m'mphepete mwa ma port muli lakuthwa ngati lumo, ndipo ringi ikamadutsa pa port ya ekizosi imatumphukira pang'ono mkati mwake. Ikakodwa imathyoka, zidutswa n'kusindikiza mutu ndi pisitoni. Milomo ya m'mwamba ndi m'munsi ya port iliyonse ifewetsedwe ndi fayilo yaing'ono yozungulira, theka la milimita basi, n'kusalaza ndi sandpepa. Yendetsani chala: chisamve kucheka.

Silinda ikabwera, musaitsuke ndi petulo yekha. Mchenga wa mwala wa hone umakanirira m'timizere, ndipo petulo amangouyendetsa uku ndi uku. Tsukani ndi madzi otentha, sopo waufa ndi burashi, pukutani ndi nsalu yoyera yopaka oyilo. Nsalu ikatuluka yotuwa, bwerezani mpaka ituluke yoyera, kenako pakani oyilo msanga dzimbiri lisanagwire. Ma circlip akhale atsopano nthawi zonse, kamwa lake liyang'ane kumwamba kapena pansi. Pa two-stroke sinthaninso beringi ya small end, ya pa pini ya pisitoni. Muvi wa pa pisitoni ya Yamaha uloze ku ekizosi, chilembo cha IN pa ya Honda chiyang'ane ku kabuleta.

Vuto la njira imeneyi ndi pisitoni yabodza. Bokosi likhoza kulembedwa dzina lodziwika mkati muli china. Ikani yatsopano ndi yakale pa pini imodzi, muone ngati mitu ikufanana msinkhu. Pa two-stroke yang'anitsitsani pomwe pali timisomali ta maringi: tikakhala posiyana ndi pa yakale, nsonga za ringi zikhoza kumadutsa pa port, ndipo sizichedwa kukodwa.

Kiti yathunthu

Kwa njinga za kabaza za injini ya mtundu wa CG, masamu ake ndi ena. Kiti imabwera ndi silinda, pisitoni, maringi, pini, ma circlip ndi magasiketi, imapezeka m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi m'misika ya m'matauni, ndipo kawirikawiri mtengo wake susiyana kwambiri ndi wa rebore kuphatikiza pisitoni. Chachikulu n'chakuti njinga imabwerera pa siteji tsiku lomwelo. Kwa munthu amene amapereka ndalama kwa bwana madzulo aliwonse, masiku atatu odikira silinda ndi ndalamanso.

Pitani kokagula ndi silinda ndi pisitoni zakale m'jumbo. Pini ilipo ya 13 mm ndi ya 15 mm. Injini ya CG imayendetsa mavalavu ndi ma pushrod, ya CB imagwiritsa timing chain, ndipo masilinda ake salowana. Yerekezani kutalika kwa silinda ndi mabowo a mabawuti. Kiti ngakhale yatuluka m'pepala, itsukeni ngati ya rebore ndipo yezani mpata wa maringi, poti makiti amasiyana ubwino ngakhale bokosi lifanane. Ofuna kukweza 125 kukhala 150 adziwe kuti bowo likuchoka pa 56.5 kufika 62 mm: siketi ya silinda ikhoza kukana kulowa m'crankcase, mutu ndi gasiketi ziyenera kugwirizana nalo, ndipo jeti ya kabuleta ikasiyidwa yakale injini imatentha.

Pa DT kiti yotchipa sitiikonda. Ma port ake nthawi zambiri amakhala okhakhala ndi osalingana, njinga n'kutaya mphamvu ija ya pansi yomwe imaikweza m'misewu ya miyala ya ku Machinjiri kapena m'tsinde mwa Michiru. Ngati mwakakamizika kuigula, silinda yakale musataye kapena kugulitsa kwa a zitsulo. Ipakeni girisi, muisunge.

Sleeve, ndi silinda za Nikasil

Silinda ikadutsa 1.00, kapena circlip itathawa n'kukumba ngalande yozama, ikhoza kuikidwa sleeve yatsopano, paipi ya chitsulo yomwe pisitoni imayendamo, n'kubwerera pa standard. Pa four-stroke ndi ntchito yodziwika. Pa two-stroke mmisiri ayenera kuboola ma port onse pa sleeve molingana ndi a m'silinda, ndipo kuphonya milimita imodzi pa port ya ekizosi kumasintha khalidwe lonse la injini. Pemphani kuona ina yomwe anapangapo.

Silinda ya trials yamakono isayandikire makina a rebore. Mpeni ukangodutsa, ganda lija latha, pisitoni ikukhula pa aluminiyamu wofewa. Nikasil ndi wolimba kwambiri moti chomwe chimatha ndi maringi ndi pisitoni, ndiye apa "maringi okha" kapena "pisitoni yokha" ndi chisamaliro chanthawi zonse, chowerengedwa ndi maola osati makilomita. Mapisitoni ake amalembedwa A, B, C, kusiyana 0.01 mm, ndipo silinda ikadyeka pang'ono mumakwera chilembo chimodzi. Kutsuka ndi Scotch-Brite ndi sopo n'kokwanira. Ganda likasupuka, makamaka m'mphepete mwa port ya ekizosi, silinda iyenera kukutidwanso, ntchito yomwe imatumizidwa kunja, kawirikawiri ku South Africa, limodzi ndi pisitoni yake. N'zodula ndi zochedwa, koma sleeve ya chitsulo pa injini yotere imasunga kutentha ndipo imafuna mpata wina. Pa njinga zimenezi yesaninso fani ya radiyeta musanatseke ntchito. Zimayenda pang'onopang'ono popanda mphepo yozizira, ndiye fani kapena switch yake ikafa, pisitoni yatsopano imagwira pa mwala wachiwiri.

Injini ina

Conrod ikakhala yatha, giya ikudumpha, crankcase ili ndi mng'alu, kuphatikiza zonsezo kukhoza kuposa mtengo wa injini. Pa njinga zaku China injini yatsopano yathunthu ndi njira yomveka, bola muone kuti zomangira pa fulemu, sprocket ndi mawaya a magneto ndi CDI, kabokosi kopereka moto ku pulagi, zikugwirizana, poti CDI ilipo ya AC ndi ya DC. Injini yogwirapo kale ndi juga. Ilizeni ili yozizira, yezani kompulesheni, khuthulani oyilo m'mbale yoyera muone ngati mukunyezimira tizitsulo. Yomwe mwaipeza yotentha kale, kapena yomata silikoni m'mbali monse, isiyeni. Ndipo poti njinga za kabaza zikubedwa kwambiri, injini yopanda mapepala kapena yopalidwa nambala ikhoza kukugonetsani kupolisi. Lemberanani kalata yogulitsana, onani chiphaso cha wogulitsa, ndipo nambala yatsopano ikalembedwe ku Road Traffic.

Chomwe chinapha yakale

Pisitoni yakale musaitaye musanaiwerenge. Mbali ya ku kabuleta ikakhala yotuwa, yokandika timizere tating'ono ngati yakhulidwa ndi phulusa, ndi fumbi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu yathu limadya silinda msanga kuposa makilomita. Fyuluta ya siponji itsukidwe ndi palafini kapena sopo, iume, inyowetsedwe ndi oyilo n'kufinyidwa osapotokola. Siponji youma imasefa miyala yokha. Pindani paipi ya labala ya pakati pa bokosi la fyuluta ndi kabuleta, muone ngati ili ndi ming'alu yobisika.

Mbali ya ku ekizosi ikakhala yosungunuka, kapena mutu wabooka, injini inkalandira mpweya wambiri petulo wochepa, kapena pulagi inali yotentha mopitirira. DT imafuna NGK B8ES kapena BR8ES, CG imafuna D8EA. Pa two-stroke kayikirani ma seal a crankshaft. Ya mbali ya magneto ikatha imayamwa mpweya, injini n'kumakwera yokha moto mutautseka. Ya mbali ya kilatchi imayamwa oyilo wa giyabokosi, utsi n'kuchuluka, oyilo akutsika popanda podontha. Mabala anayi m'ngodya za pisitoni amasonyeza mpata wothina kapena kuthamangitsa injini isanatenthe, zomwe zimachitika kwambiri m'mawa wa chiperoni. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka madzi ndi kuumitsa labala wakale, ndipo wa m'zigubu simudziwa chomwe chalowamo. Ikani kafyuluta pa paipi ya petulo, ndipo njinga ikamaima milungu ingapo khuthulani kabuleta.

Pa DT ndi AG100, pampu ya Autolube, yomwe imathira yokha oyilo wa 2T m'injini, ikalowa mpweya imasiya kupereka oyilo mwakachetechete. Mukamanga injini, masulani kabawuti kotulutsira mpweya pa pampu mpaka oyilo atuluke wopanda thovu, ndipo onani kuti chizindikiro cha pa pampu chikulingana ndi kebulo ya moto. Thanki yoyamba thiranimo oyilo wa 2T pa 50:1, ndiye kuti 20 ml pa lita, ngati chitetezo mpaka mutaona kuti oyilo wa m'kathanki kake akutsika. Amene anachotsa pampu n'kumasakaniza okha asapite pansi pa 25 ml pa lita, ndipo akhale wa 2T, osati 20W-50 wa injini. Za trials zamakono za two-stroke zimamwa wochepa, 70:1 kapena 80:1 wa synthetic, 12.5 mpaka 14 ml pa lita. Mukazipatsa muyeso wa DT, ekizosi imadzaza phala ndipo pulagi imafa.

Mabawuti a mutu mangani mopingasa, masitepe awiri kapena atatu, a 8 mm pafupifupi 25 Nm. Lizani injini mpaka itenthe, muizimitse izizire, mubwereze katatu, kenako muonenso mabawutiwo. Makilomita 500 oyamba moto usapitirire theka kwa nthawi yaitali, muzisinthasintha liwiro, ndipo musaikakamize pa giya yaikulu pa chitunda. Kabaza apewe matumba a makala ndi okwera awiri sabata yoyamba. Pa four-stroke khuthulani oyilo pakati pa makilomita 300 ndi 500, tsukani kasefa ka pa bawuti yokhuthulira, thirani pafupifupi lita imodzi ya oyilo wa njinga wolembedwa JASO MA, ndipo yezaninso mavalavu, chifukwa gasiketi yatsopano ikakhazikika mpata wawo umasintha.